AMISIRI A M'MAKOMBONI A LUSAKA ASANDUTSA CITSEKO CA GALIMOTO KUKHALA NG'OMA

Munthu wa kumudzi amene wafika mu Lusaka nakwera minibasi pa City Market kapena pa Kulima Tower kupita ku Kanyama, Matero kapena Chawama, amayamba walandiridwa ndi nyimbo asanaone nkhope ya mbale wace. M'galimoto zina nyimbozo zimamveka bwino lomwe, kotero kuti mau a woimba, gitala ndi ng'oma ziri zonse zimamveka pazokha. M'galimoto zina mumangomveka ciphokoso conga ca miyala m'citini, citseko ciri njenjenje, ndipo okwera amafika kwao mitu ikuwawa. Ambiri amaganiza kuti kusiyanaku kumabwera ndi mtengo wa wailesi. Koma amisiri odziwa nchitoyi amaloza kwina: ku citseko m'mene mwaikidwa sipika, ndi ku kacipangizo kakang'ono kogawa mau kochedwa crossover.

Nkhaniyi ikhudzanso mabanja a m'midzi. Alimi amene agulitsa fodya, thonje, nshawa kapena soya nthawi zina amagula galimoto kuti mwana wao azinyamulira anthu pa mseu wa Great East, pakati pa Petauke, Katete ndi Chipata, kapena wopita ku Lundazi. Kawirikawiri mnyamatayo asanagule ngakhale tayala lapadera amathamangira kukagula masipika. Akapeza mmisiri wosadziwa, ndalama za thukuta la banja lonse zimathera pa zipangizo zimene zimapsa pa mwezi umodzi, ndipo waya woikidwa mosasamala angathe kutentha galimoto lonse.

KUCOKERA KU WAILESI YA SAFULIYA

Cikondi ca anthu a dziko lino pa wailesi ncakale. M'caka ca 1949 munafika wailesi yochipa yochedwa Saucepan Special, yopangidwa ndi kampani ya Ever Ready ku Britain, imene cikombole cace cinali conga safuliya. Inali kugulidwa mapaundi 5, ndipo inalowa m'nyumba zambiri za anthu akuda kuti azimvera nyumba ya mphepo ya Central African Broadcasting Station ya mu Lusaka. Mmodzi wa oulutsa mau ndi oimba ochuka pa nyumbayo anali Alick Nkhata, amene anaphedwa m'caka ca 1978 pamene asilikali a Rhodesia anaukira dera la Mkushi. Mseu wochedwa ndi dzina lace ndiwo umadutsa m'mbali mwa Kalingalinga, ndipo m'mphepete mwace muli amisiri ambiri a matabwa ndi owocherera zitsulo. Pambuyo pa ufulu, fakitale ya ITT Supersonic ku Livingstone inali kulumikiza mawailesi m'dziko momwe muno, ndipo anyamata ambiri anaphunzira za magetsi pomasula ndi kukonza mawailesi otero.

Kunja, sipika ya mtundu umene uli ponseponse lero inakonzedwa ndi Chester Rice ndi Edward Kellogg a kampani ya General Electric ku America m'caka ca 1925, ndipo wailesi ya m'galimoto ya Motorola inaturuka m'caka ca 1930. Koma nyimbo zinadzaza m'miseu ya Lusaka mocedwa. Pamene kampani ya boma ya mabasi, United Bus Company of Zambia, inatsekedwa pakati pa zaka za m'ma 1990, nchito yonyamula anthu inagwera m'manja mwa eni maminibasi, ndipo galimoto zogwirapo kale nchito za ku Japan zinayamba kulowa mwaunyinji kudzera ku Nakonde ndi ku Chirundu. Madalaivala anaona kuti acinyamata amakonda kukwera basi yoimba bwino. Pamenepo ndi pamene amisiri a magetsi a galimoto a ku Matero, George, Mtendere ndi makomboni ena anapeza nchito yatsopano.

SIPIKA NDI NG'OMA

Sipika siri yobvuta kuimvetsa kwa munthu amene anaonapo ng'oma. Kumbuyo kwace kuli maginito. Pakati pa maginitoyo pali kawaya ka mkuwa kokulungidwa kambirimbiri, kochedwa koilo, kamene kamamatiridwa ku cipepala colimba cooneka ngati nsengwa. Magetsi ocokera ku wailesi akalowa m'koilomo, cipepalaco cimakankhidwa ndi kukokedwa mofulumira, cimagwedeza mpweya, ndipo khutu limamva mau. Cikumba ca ng'oma cimacita cimodzimodzi, kungoti ico cimagwedezedwa ndi dzanja.

Kunjenjemera kumeneku kumawerengedwa ndi muyeso wochedwa hertz, ndiko kuti kangati pa sekondi imodzi. Khutu la mwana wathanzi limamva kuyambira pa 20 kufikira pa 20,000. Mau a besi, onga a cingwe cacikuru ca kalindula, ali pansi, ca m'ma 40 kufikira 200. Mau a munthu ali pakati. Kulira kwa maseche ndi zitsulo za ng'oma za bandi kuli pamwamba, pa zikwi zingapo.

Oimba ng'oma za gule wamkuru adziwa kale kuti ng'oma imodzi singathe kuturutsa mau onse. Gunda ali ndi mau ace akuru, mpanje ali ndi ace, mbalule ali ndi ace, ndipo woimba akafuna kuti ng'oma itsike mau amamata phula pakati pa cikumba kuti cilemere. Masipika nawonso atero. Yaikuru ndi yolemera, imene amisiri amaicha wufa, imakankha mpweya wambiri koma singathe kunjenjemera mofulumira kwambiri. Kakang'ono, kochedwa twita, kamene kukula kwace kuli ngati kandalama kacitsulo, kamanjenjemera mofulumira koma besi ikalowamo kamang'ambika kapena kupsa. Akuru anati mutu umodzi susenza denga. Galimoto loimba bwino limakhala ndi wufa ya mainchi 6 ndi theka m'munsi mwa citseko, twita pamwamba pafupi ndi galasi, ndipo nthawi zina sipika yaikuru ya besi m'bokosi lace kumbuyo.

CITSEKO NDICO CIGUBU

Pali cinthu cimodzi cimene ali yense angayese kunyumba. Atenge sipika yopanda bokosi, aigwire m'manja ikuimba: besi yonse imasowa. Cifukwa cace ncakuti pamene cipepala cikankha mpweya kutsogolo, kumbuyo cimaukoka, ndipo mpweya wa kutsogolo umangozungulira m'mbali kukadzaza kumbuyo. Funde la mau a 100 hertz ndi lalitali mamita 3 ndi theka, pafupifupi, motero sipika yaing'ono siingathe kulilekanitsa payokha. Pafunika cipupa colekanitsa kutsogolo ndi kumbuyo. Monga kalimba amamveka mokweza akaikidwa m'cigubu, sipika ya galimoto imadalira citseko.

Tsoka ilo, opanga galimoto sanakonze citseko kuti cikhale cigubu ca nyimbo. Citsulo cace ncopyapyala, ciri ndi mabowo akuru olowetsera manja pokonza loko, ndipo m'kati mwace mumayenda galasi ndi madzi a mvula. Nchito yeniyeni ya mmisiri iri pa kukonza zimenezi, ndipo imatenga nthawi yoposa ya kulumikiza mawaya.

Coyamba amatsitsa galasi mpaka pansi ndi kuyesa ndi rula mpata umene watsala pakati pa citsulo ndi galasilo. Maginito a masipika ogula m'sitolo amakhala akuru kuposa a sipika yobwera ndi galimoto, ndipo ambiri aswa galasi kaamba kosayesa. Mpata ukacepa, mmisiri amasema mkombero wa thabwa wokhala ngati nkhata, naumanga ku citsulo ndi mabauti, kenaka sipika imakhala pa mkomberowo. Apa ndi pamene amisiri a matabwa a ku Kalingalinga ndi Mtendere amathandiza. Ambiri amagwiritsa nchito thabwa la utuchi wopanikiza lochedwa MDF cifukwa liri losabvuta kusema, koma thabwali likamwa madzi limatupa ngati buledi. Lifunika kupakidwa vanishi kapena penti mbali zonse, m'mabowo a mabauti momwe. Thabwa la mlombwa kapena pulaiwudi yokhuthala zimapirira kwambiri. Pakati pa mkombero ndi citsulo, ndi pakati pa sipika ndi mkombero, amaika kalabala kofewa kuti mpweya usadutse, pakuti kampata kolowa msomali kamacepetsa besi.

Caciwiri ndi kuletsa citsulo kulira. Munthu akagogoda citseko ca minibasi ndi cala cimalira ngati mgolo wopanda kanthu. M'masitolo muli mapepala olemera a labala okhala ndi nkhope ya aluminiyamu, amene amamatidwa m'kati mwa citsulo. Sikofunika kumata citseko conse. Zigawo zingapo pakati pa malo otakata, makamaka kuseri kwa sipika, zimakwanira kuti kugogoda kumveke kuti du du m'malo mwa ngwe ngwe. Ena posunga ndalama amamata tepi ya phula yotsekera malata odontha. Imagwira nchito m'nyengo yozizira, koma m'dzuwa la mu Okutobala phulalo limafewa, limanunkha, ndipo lingatsetsereke kukagwira zitsulo zokwezera galasi.

Cacitatu ndi madzi. Citseko ciri conse ciri ndi timabowo pansi pace toturutsira madzi a mvula, ndipo mmisiri wacangu copanda nzeru amatitseka poganiza kuti akusunga besi. Madziwo amadikha m'kati, citsulo cimacita dzimbiri, sipika imaola. Anthu a ku Kanyama safuna kuuzidwa za madzi: dera lao liri pa thanthwe lathyathyathya, linasefukira koopsa m'caka ca 1978, ndipo zaka zambiri za mvula galimoto zimayenda m'zithaphwi zofika m'zitseko. Kwa galimoto zoyenda kotero, ndiponso za m'miseu ya fumbi ya kumidzi, sipika ya cipepala ca pulasitiki ndi mkombero wa labala iri bwino kuposa ya pepala lenileni ndi siponji. Amisiri osamala amaikanso kadenga kakang'ono ka pulasitiki pamwamba pa maginito, ndi kubwezera cipepala ca pulasitiki cimene opanga galimoto anamata kuseri kwa cikuto ca citseko.

KAPITAO WOGAWA MAU

Crossover ndiye kapitao wogawa nchito. Amatumiza mau apamwamba ku twita, mau apansi ku wufa. Wamba amapangidwa ndi zinthu ziwiri zokha. Kapasita amalola kunjenjemera kofulumira kudutsa koma amatsekereza kocedwa. Motero amaikidwa pa waya wopita ku twita. Koilo ya waya wa mkuwa imacita zosiyana: imalola besi koma imatsekereza mau apamwamba, motero imaikidwa pa waya wopita ku wufa.

Ukuru wa zinthuzi sungolotedwa, umawerengedwa. Masipika a galimoto ambiri ali a ma ohm 4, pamene a m'nyumba ambiri ali a ma ohm 8. Pa twita ya ma ohm 4, kapasita wa ma microfarad 10 amayamba kucepetsa mau a pansi pa 4,000 hertz. Wa 4.7 amayambira ca pa 8,500. Twita ikakhala ya ma ohm 8, kapasita wofunika pa malire omwewo ndi wa theka lace. Wufa ya ma ohm 4 yofuna kulekezera pa 4,000 hertz imafuna koilo ya 0.16 millihenry, imene mmisiri angaikulunge yekha pa kathabwa kobulungira ngati ali ndi mita yoyesera. Zimenezi zisonyeza cifukwa cace kucotsa crossover mu sipika yakale ya m'nyumba ndi kuiika m'galimoto sikupindula: malire ace amasuntha, ndipo mau ena amasowa kapena kuwirikiza.

Kapasitayo ayenera kukhala wa mtundu wosasankha mbali. Amene amacotsedwa m'mawailesi akufa, okhala ndi cizindikiro ca kucotsa m'mbali, anapangidwira magetsi oyenda njira imodzi, ndipo pa sipika sakhalitsa.

Kapasita mmodzi yekha amacepetsa mau pang'onopang'ono, madesibelo 6 nthawi iri yonse pamene kunjenjemera kwatsika ndi theka. M'galimoto la banja loimbidwa motsitsa zimenezi zingakwanire. M'minibasi yoimbidwa mokweza tsiku lonse, besi yotsalayo imakwanira kuocha twita. Cotero amisiri odziwa amaonjezera koilo pambuyo pa kapasita, yolumikizidwa mopingasa pa twita, kuti kucepako kukhale madesibelo 12. Masamu a njirazi analembedwa kale ndi akatswiri: Stephen Butterworth wa ku Britain m'caka ca 1930, ndi Siegfried Linkwitz amene m'caka ca 1976 anafalitsa njira imene anakonza ndi mnzace Russ Riley. Lero masamuwo amapezeka pa foni ya m'manja, koma khutu likali ndi nchito, pakuti twita iri pafupi ndi mutu wa dalaivala pamene wufa iri ku mapazi. Twita ikabaya m'makutu, amaikapo rizisita wa ma ohm 2 kapena 3 kuti itsike. Mau a woimba akamveka ngati acokera m'dzenje, amayesa kutembenuza mawaya a twita, ndipo pa crossover ya madesibelo 12 kawirikawiri kutero kumakonza.

Maamplifaya ambiri a masiku ano ali ndi crossover yaoyao, yosinthidwa ndi kabatani. Pamene galimoto liri ndi bokosi la besi kumbuyo, nzeru yabwino ndi kuletsa mau a pansi pa 80 hertz kupita ku zitseko, ndi kuwatumiza onse ku bokosilo. Masipika a m'zitseko akapumula katundu ameneyu amaimba moyera ndipo amakhalitsa.

ZIMENE ZIMAOCHA ZIPANGIZO

Masipika a kumanja ndi kumanzere ayenera kukankha nthawi imodzi. Waya wa imodzi akatembenuzidwa, ina imakankha pamene inzace ikukoka, ndipo besi imafafanizika. Kuyesa kwace nkosabvuta: batire la tochi la mavolti 1.5 ligunditsidwe pa mawaya a wufa kwa kamphindi, ndipo cipepala cituruke kunja pamene mutu wa batire uli pa waya wa cizindikiro ca kuphatikiza. Twita siyesedwa motero.

Eni maminibasi amakonda kupacika masipika ambiri kuti a ku mpando wa kumbuyo amve. Masipika awiri a ma ohm 4 akalumikizidwa mogundana pa mawaya amodzi amasanduka ma ohm 2. Anai amasanduka ohm imodzi. Wailesi wamba inapangidwira ma ohm 4, ndipo ikasenzetsedwa katundu wotere imatentha nkupsa. Manambala olembedwa pa makatoni nawonso asanamize munthu. Wailesi yolembedwa mawati 50 kanai imaturutsa mawati 15 kufikira 20 oyera pa sipika iri yonse. Nambala yodalirika ndi yolembedwa RMS. Cina codabwitsa ncakuti amplifaya yaing'ono yokwezedwa mpaka kumapeto imapha matwita kuposa yaikuru yoimbidwa mwa muyeso, cifukwa mau ace akayamba kusweka amaturutsa mphamvu yambiri ya pamwamba.

Coopsa kopambana ndi waya wocokera ku batire. Amplifaya ya mawati 300 ingakoke maampeya 30, ndipo waya wocepa amatentha ngati mbaula. Nzomvetsa cisoni kuti m'dziko la mkuwa, limene liri ndi fakitale ya mawaya ya ZAMEFA ku Luanshya, m'misika mumapezeka waya wa aluminiyamu wongokutidwa mkuwa pamwamba. Amadziwika ndi kupepuka kwace, ndipo akapalidwa ndi mpeni m'kati mwace mumayera. Sanyamula magetsi ofanana ndi wa mkuwa weniweni wa ukuru womwewo. Fyuzi iyenera kukhala pafupi ndi batire, osapitirira mkono umodzi, ndipo pamene waya aboola citsulo payenera kukhala kalabala koteteza. Fyuzi ikapsa ndiye kuti yacenjeza. Kuikapo msomali kapena kapepala konyezimira ka mu paketi ya ndudu ndiko kuitana moto m'galimoto lodzaza anthu. Eni mabasi a Rosa ndi malole akumbukirenso kuti ambiri a iwo ali a mavolti 24, ndipo wailesi ya mavolti 12 imafuna cipangizo cotsitsira magetsi.

Ogula galimoto za ku Japan amadandaulanso kuti wailesi siigwira nyumba za mphepo zambiri. Siinaonongeke ai. Mawailesi ambiri a kumeneko amagwira FM kuyambira pa 76 kufikira pa 90, pamene za kuno ziri pakati pa 87.5 ndi 108. Kacipangizo kochipa koikidwa pa waya wa eriyo kamathetsa bvutoli popanda kutaya wailesi yonse.

MAKUTU SAGULIDWA PA MSIKA

Akatswiri a zaumoyo, pamodzi ndi bungwe la World Health Organization, amacenjeza kuti phokoso la madesibelo 85 siliyenera kupitirira maola 8 pa tsiku. Likakwera ndi madesibelo 3, nthawiyo imadulidwa pakati, ndipo pa madesibelo 100 imatsala mphindi 15 zokha. Wokwera amatsika pakapita kanthawi, koma dalaivala ndi kondakitala amakhala m'phokosomo kuyambira mbandakucha kufikira usiku. Timitsitsi ta m'kati mwa khutu timene timamva mau tikafa sitimeranso. Cizindikiro coyamba ndi kulira kwa m'makutu madzulo, ndi kubvutika kumva mau a munthu pakati pa gulu. Ofuna kupimitsa makutu mu Lusaka angapite ku University Teaching Hospital. Makanda obelekedwa kumbuyo nawonso amakhala pafupi ndi masipika, ndipo alibe pakamwa podandaulira. Dalaivala amene sakumva hutala ya mnzace, kulira kwa ambulansi kapena sitima pa mphambano ya njanji waika miyoyo pa ngozi. Muyeso wosabvuta ndi uwu: ngati kondakitala ayenera kufuula kuti wokhala naye pafupi amve za chenji, nyimbo zapitirira.

Apa nchito yabwino ya mmisiri imathandizanso thanzi. Madalaivala ambiri amakweza wailesi cifukwa mau sakumveka bwino, osati cifukwa ngocepa. Citseko cikaleka kulira ndipo sipika iri yonse ikalandira gawo lace, nyimbo imamveka mokwanira kabatani kali pakati.

Makolo amene mwana wao ali ndi dzanja pa za magetsi angamuganizire nchitoyi. Zida zoyambira siziri zambiri: mita yoyesera magetsi, citsulo cowocherera mawaya, sowo yosemera mikombero, dirilo ndi masukurudalaiva. Ambiri anaphunzira poyang'ana pa magalaji a m'makomboni, koma amene amawerenga ma ohm ndi ma hertz ndi amene anadzerako ku sukulu za luso zoyang'aniridwa ndi bungwe la TEVETA, monga Lusaka Business and Technical College, imene akuru amaidziwa ndi dzina lakuti Lusaka Trades. Wophunzira magetsi a galimoto amakhozanso kukonza alitaneta, sitata ndi nyale, nchito zimene zimafunika pa boma liri lonse.

Mwini galimoto asanalipire ali ndi zoti aone yekha. Akweze ndi kutsitsa magalasi onse nyimbo ikuimba. Apemphe kuona fyuzi ya pa batire ndi mtundu wa waya. Agwade aone ngati timabowo ta madzi pansi pa citseko tiri totseguka. Kenaka akhale pa mpando wa dalaivala, injini ikulira, aike nyimbo imene amaidziwa bwino, makamaka ya kwaya kapena ya kalindula, aikweze pang'onopang'ono. Mau a woimba ayenera kumveka ngati acokera kutsogolo, ca pa galasi lalikuru, osati ku mapazi. Ndipo dzanja likaikidwa pa citseko limve kugunda kwa besi popanda kulira kwa citsulo.